Zitseko za Mukwa pa Windo Langa

Lolemba, 14 Okutobala

Tiyambe ndi ana. Lembani pang'onopang'ono, a Marjory, maina asalakwike.

Twalibu, woyamba. Ali ndi mashopu awiri a simenti ndi misomali, ina m'tauni, ina kuno ku Kanyama. Anayamba ndi wilibala yobwereka. Mwanaima ndi namwino, pepala lake lili pakhoma pabalaza, aliyense wolowa amaliona. Hafswa anakwatiwa ku Chilenje, amasoka madiresi a ukwati, anatenga dzanja la bambo ake. Ine sukulu ndinalekera Giredi 2, koma onani.

Haidar, womaliza. Lembani dzina lokha.

Ndili mu eda. A Marjory ndi a tchalitchi, ndiye ndawafotokozera: kwa ife Asilamu mwamuna akamwalira, mkazi amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi. Satuluka, sadzola zonunkhira, saonedwa ndi amuna achilendo. Bambo a Twalibu anatisiya kumapeto kwa Ogasiti. Kutuluka ndi Januwale, Mulungu akalola.

Wocheza naye wapita, mawu akundidzaza m'chifuwa. A Marjory a nyumba yoyandikana ndi amene anati, "Kambani chabe, ine nizalemba." Makolo awo a ku Dedza, anga a ku Mangochi. Tonse obadwira kuno.

Kutentha. Magetsi kulibe chiyambire m'mawa. Windo la chipinda changa layang'ana kumsewu, magalasi anasweka kalekale, zatsala zitsulo zoletsa akuba. Tinapachikapo bulangete la malemu. Ndikupsa ngati mbatata ya m'phulusa.

Lachitatu, 16 Okutobala

Dzulo anabwera akazi a Shehe kudzandiona. Shuga ndi sopo m'jumbo. Pochoka anatsitsa mawu: "Amake Twalibu, bulangete lija likumauluka ndi mphepo. Anyamata a pometera tsitsi akumakuonani."

Manyazi. Dzina langa silinamvekepo ndi choipa kumzikiti.

Si mphepo. Ndimalikweza ndekha.

Haidar amagona ku Chibolya. Zimene amasuta ndi kumwa kumeneko sinditchula. Mlungu wa maliro womwewo anatenga makina osokera a bambo ake, nkukagulitsa. Makina amene anawalera onse anayi. Twalibu analumbira pamaso pa abale kuti mng'ono wake sadzadutsanso pageti. Twalibu amakhala m'zipinda za kumbuyo ndi mkazi wake Jannat, geti ndi lake tsopano.

Eda siletsa mayi kuona mwana wake. Geti ndi limene likuletsa. Ndiye amadzera kumsewu, dzuwa likapendeka. Amagogoda chitsulo cha windo ndi kamwala. Ndimakweza bulangete pang'ono, nkudutsitsa kambale. Mpunga ndi nyemba, nthawi zina vitumbuwa. Kambale kamadutsa ndendende pakati pa zitsulo. Amadya choimirira, atapereka msana kumsewu. Sitiyankhula zambiri. Ndimamuona nkhope, basi. Ndimadziwa kuti wafika lero.

Jannat waona kuti mpunga ukutha msanga. Sananene kanthu kwa ine.

Loweruka, 19 Okutobala

Mwanaima anabwera atachoka kuntchito. Wandipima magazi, akuti akwera, chipinda ichi ndi ng'anjo. Wandionetsa pafoni nyumba za kunja kwa dziko, mawindo ake ali ndi zitseko zamatabwa kunja, ziwiriziwiri, zotseguka ngati mapiko. Akuti mphepo imalowa, maso salowa. Kuno ku Kanyama sindinaonepo. Ena amakhomera lata, ena makatoni.

Twalibu wavomera msanga, wolipira ndi iye. Msanga kwambiri. Pali kalipentala ku Kalingalinga, a Joseph, amagula misomali kwa iye.

Ndakondwa, ndisaname. Nyumba iyi malemu anaimanga chipinda chimodzichimodzi, pomwalira anali asanaipake penti kumaso. Ikhale yoyamba mumsewu uno kukhala ndi zitseko zotere. Anthu adziwe kuti anasiya ana.

Haidar sanabwere lero. Mpunga ndawapatsa a Marjory.

Lachiwiri, 22 Okutobala

A Joseph anabwera kudzayeza windo, kunja. Ine ndinakhala pakona. Sindingawaone, sangandione. Anabweretsa tizitseko tachitsanzo, kukula ngati thireyi. Jannat amalowetsa kamodzikamodzi, ine nkumagwira ndi manja.

Koyamba: matabwa atatu oimirira, awiri opingasa kumbuyo. Kolimba, kotchipa. Ngati chitseko cha khola la mbuzi. Ndabweza.

Kachiwiri kosema bwino, kamabokosi anayi ngati chitseko cha wadirobu. Kokongola, koma mphepo ilibe podzera. Ndinati kakufanana ndi bokosi limene Akhristu amaikiramo maliro. A Marjory anaseka mpaka kutsokomola. Inenso ndinaseka, kuseka kwanga koyamba chichokere malemu. Kenako misozi.

Kachitatu ka timatabwa topyapyala topendekeka, tosanjikizana, mipata pakati. Kali mitundu iwiri, mipata yaikulu yolowa dzanja, ndi mipata yaing'ono yolowa chala.

Kachinayi kodulidwa pakati. Pamwamba pamatseguka pokha, pansi pokha. Ndinakagwira nthawi yaitali. Kutsegula pansi, kutseka. Kutsegula, kutseka. Pamwamba potseka anyamata a pometera sakuona, pansi potsegula mbale ikudutsa. Ndinauza Jannat kuti aka.

Twalibu anali pakhomo la chipinda. Anaseka. "Amama, iyo ni ya kantemba. Mufuna muzigulitsa matomato pa windo?" Jannat anabisa pakamwa.

Zinandibaya. Mkazi wa telala wodziwika Kanyama yonse, nyumba yake izioneka ngati kantemba. Ndinakabweza ndekha.

Asiya kachitatu kuti ndigone nako.

Lachinayi, 24 Okutobala

Mtengo wake. A Joseph akuti pali paini, pali mukwa, umene makolo athu ankati mlombwa. Paini ndi wotchipa koma chiswe chimamukonda, ndipo madzi a Kanyama muwadziwa mvula ikayamba. Mukwa ndi wodula. Ndati mukwa. Fungo lake ngati tebulo lodulirapo nsalu la malemu. Hafswa pafoni akuti tipake penti yobiriwira. Ndakana. Mtengo wabwino saubisa. Vanishi yekha.

Usiku wonse kachitsanzo kali pambali panga. M'mawa ndinakanyamula, kukapendeketsa uku ndi uku, ndinaona nkhope ya a Marjory bwinobwino kudzera m'mipata. Ndinati basi, Haidar ndizimuona.

Kenako funso la mipata. A Joseph ali kuseri kwa khoma, akufunsa, yaikulu kapena yaing'ono. Ife tinaphunzitsidwa kuti mawu a mkazi wa mu eda asafike kwa mwamuna wachilendo. Ndimanong'oneza Jannat, Jannat amakuwa. Ndikanati yaikulu, Jannat akanafunsa chifukwa. Ndikanati bwanji, kuti chakudya chizidutsa? M'khutu la mpongozi, mwamuna wake ali pomwepo? Ndipo mawu a akazi a Shehe anali m'mutu. Ndinafuna adzaone kuti eda yanga ilibe kampata.

Ndinati yaing'ono. Ndinaganiza kuti nthawi ikakwana ndizingokankha chitseko chimodzi, nkutsekanso.

Funso lomaliza: chotsekera chikhale mkati kapena kunja. Ndisanasendere kwa Jannat, Twalibu wayankha kale. "Panja, ba Joseph. Nizaikapo loko mpaka bakasilize eda."

Ndinamva. Mawu anafika pakhosi. Koma ndikanakuwa, a Joseph akanandimva.

Ndinakhala chete. Lembani choncho, a Marjory. Musakonze.

Loweruka, 26 Okutobala

Haidar anabwera. Waonda khosi. Ali ndi chilonda pa chala chachikulu cha phazi lamanzere, wamangapo kansalu kofiira. Patapata imodzi yabuluu, ina yakuda.

Anadya. Anagwira nsonga ya bulangete, kuifikitsa pamphuno. "Ikali kununkha batata," anatero. Akutanthauza bambo ake. Chiyambire maliro anali asanawatchule.

Ndinafuna kumuuza za zitseko. Ndinayamba, "Mlungu wamawa pabwera amisiri." Iye akuti, "Mukonza nyumba? Ni bwino." Anamwetulira. Mano awiri kulibe. Zotsalazo ndinameza.

Ndimuuza akabweranso. Zitseko akuti zitenga masiku.

Lachitatu, 30 Okutobala

Zafika msanga. Ku Kalingalinga magetsi anayaka masiku awiri otsatizana, a Joseph anamaliza.

Ananditulutsa kupita pabalaza, chitseko chotseka. Phokoso la kuboola khoma, mahinjesi, nyundo. Madzulo ndinabwerera. Bulangete lachotsedwa, Jannat walipinda.

Chipinda chazizira. Mphepo ikulowa yofewa, kuwala kwagona pansi timizeremizere. Fungo la mukwa ndi vanishi. Ndinamva anthu akuima mumsewu. Mayi wina akuti, "Monga ku Kabulonga kwa olemera." Wina akufunsa nambala ya kalipentala. Mtima unakwera, ndisabise. Ndinati malemu akanaona.

Kenako ndinayandikira kuti ndisuzumire.

Timatabwa tapendekera pansi, kuti mvula izitsetsereka. Chitsanzo chija ndinkachitembenuza m'manja. Ichi chakhomedwa pakhoma. Ndaima, ndawerama, ndakwera pampando. Chimene ndikuona ndi fumbi la m'mbali mwa khoma ndi mapazi a anthu. Nkhope ayi. Thambo ayi.

Ndapisa dzanja pakati pa zitsulo, kukankha. Loko walira kunja.

Lachisanu, 1 Novembala

Sindinafune kulankhula lero. A Marjory akuti ndikasunga ndidwala.

Nthawi ya swala ya Alasiri, pemphero lathu la dzuwa likapendeka. Ndayala mkeka, ndayamba. Windo lili kudzanja lamanja. Pakati pa swala ndinamva mapazi akuima. Powerama, diso linapita lokha. Patapata yabuluu, patapata yakuda, kansalu kofiira.

Swala siidulidwa. Kuyambira ndili mtsikana sindinaidulepo, ngakhale mwana akulira, ngakhale mphika ukupsa. Ndinati agogoda, adikira, amadziwa nthawi ya swala.

Sanagogode. Ndinamva loko akugwedezeka kamodzi, ngati munthu wangomugwira kuti aone ngati ndi weniweni. Mapazi anaima. Anabwerera m'mbuyo pang'ono. Kamwala kanagwa pansi.

Ndinafulumiza, Mulungu andikhululukire, mawu ndinkawameza. Pomaliza ndinathamangira pawindo. Ndinaitana dzina lake, choyamba monong'ona, kenako mokweza. Fumbi lokha.

Iye akuganiza chiyani? Amayi anati pabwera amisiri. Amayi anadziwa. Amayi anasankha matabwa okongola, nkuikapo loko.

Kambale kali pansi pa bedi, mpunga uli momwemo.

Lolemba, 4 Novembala

Ndinamuitana Twalibu. Ndinati mwanawe, kiyi. Akuti, "Ya chani, amama? Mphepo ingena." Ndinati ukudziwa. Anayang'ana pansi, ali ndi mphuno ya bambo ake akakwiya. Akuti Haidar anagulitsa makina, mawa adzagulitsa mahinjesi omwewa, kenako adzabwera ndi anzake. Akuti akunditeteza. Akuti Januwale.

Twalibu si woipa. Ndi amene anasambitsa thupi la bambo ake, ndi amene anatsika m'manda. Makina aja anawafunafuna m'misika mlungu wathunthu. Ndikumumvetsa. Koma onse awiri anayamwa bere limodzi.

Mwanaima pafoni akuti iye salowerera. Hafswa analira, basi.

A Marjory akhala akudikira pakona madzulo awiri, kuti akamuona Haidar amuuze za loko. Sanaoneke. Ku Chibolya sangalowe okha, mayi wachikulire, ndipo sindingawatume.

Lachinayi, 7 Novembala

Mvula yoyamba. Yamphepo, yamatalala pang'ono. M'chipinda simunalowe ngakhale dontho. A Joseph ntchito amaidziwa. Zaka zonse ndinkatchinga ndi mapepala a pulasitiki, bedi nkunyowa. Chaka chino ndauma.

Iye wagona pati?

Ndaphunzira mapazi a msewu uno. Wogulitsa makala, zidendene zong'aluka. Ana a sukulu. Mtsikana wa nsapato zazitali amene amadutsa m'mawa kubwerera kwawo. Dzulo panaima patapata yabuluu. Ndinakuwa, "Haidar, mwanangu, si ine!" Mawu a bambo wachilendo anayankha, "Ni ndani?" Anyamata a pometera anaseka.

Eda yanga yopanda kampata ija.

Chakudya sichikulowa. Jannat wabweretsa phala, wakhala pamphepete pa bedi. Akuti, "Amama, kiyi ili ku shopu, sinili nayo." Sindinamufunse. Wanena yekha.

Lolemba, 11 Novembala

Lembani bwino izi, a Marjory, chifukwa anthu adzazinena mosiyana.

Loweruka nditatha swala ya Alasiri ndinavala mpango waukulu woyera, ndinatenga kambale ndi kampando. Ndinadutsa pabalaza. Jannat anali kuchapa, anaimirira thovu lili m'manja, sanandigwire. Geti masana silikhomedwa. Palibe chimene chinkanditsekera koma ine ndemwe.

Dzuwa linandilasa m'maso, miyezi iwiri ndi theka osaliona. Ndinazungulira khoma, mapazi khumi kapena kuposa pang'ono. Ndinafika pansi pa windo langa, kunja.

Kunali kuziona koyamba. Zokongola zedi. Zofiirira, zonyezimira, mizere yowongoka. Palibe zina zotere mu Kanyama. Loko wamkulu pakati, wa m'shopu ya Twalibu. Ukaima pamenepo nyumba imaoneka ngati eni ake anasamuka.

Ndinaika kampando pamene iye amaima. Ndinakhala, kambale pamiyendo.

Makina ometera anasiya kulira. Anyamata aja analowa mkati mmodzimmodzi, wina anakoka nsalu ya pakhomo pawo. Sindinayembekezere. Amayi odutsa ankayang'ana kumbali. Mmodzi wa kumzikiti anagwira pakamwa, nkufulumira.

Sanabwere. Dzuwa litalowa ndinabwerera.

Dzulo chimodzimodzi. Lero chimodzimodzi. Akazi a Shehe anabwera m'mawa, opanda jumbo. Akuti eda ndi ulemu wotsiriza kwa mwamuna wanga. Ndinati ndikudziwa. Akuti kutuluka kumaloledwa pa vuto lalikulu lokha, matenda kapena moto. Ndinawafunsa kuti ili ndi laling'ono? Kaya ndachimwa, adziwa Mwini. Usiku ndimawapepesa malemu. Anali munthu wouma mutu, koma Haidar ankamunyamula pakhosi kupita naye kumzikiti.

Twalibu sakundiyankhula. Amadutsa ndi galimoto njira ya kumbuyo.

Lachitatu, 13 Novembala

Wabwera.

Mmodzi wa ometa tsitsi aja, dzina lake Mwango, ndi amene anatumiza mawu ku Chibolya kudzera kwa wina wometetsa. Ndamva kwa a Marjory.

Ndinamuona patali, pakona ya wogulitsa makala. Akutsimphina. Anaima nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti abwerera. Kenako anabwera mofulumira, akuyang'ana uku ndi uku, nkuima kutsogolo kwanga, kunditchinga ndi msana wake kuti a mumsewu asandione. Msana wake wopyapyala uja.

"Amama, ngenani mu nyumba. Muli mu eda. Bantu bakuonani."

Iyeyo. Wa ku Chibolya. Kundiphunzitsa eda.

Ndinati ndilowa ukadya. Anayang'ana zitseko, anayang'ana loko. Ndinati matabwa ndinasankha ndine, loko sindine, koma ndinamva akunena ndipo sindinakane. Anakhala pansi m'matope ouma, anadya. Kansalu kaja kada, phazi latupa mpaka m'kakolo, likutulutsa fungo. Ndinati Mwanaima alione. Akuti lizapola.

Atamaliza anapukuta kambale ndi malaya ake. Anagwira thabwa limodzi la chitseko ndi chala. "Ni mukwa," anatero. "Vabwino." Anadikira mpaka nditalowa pageti. Pageti penipeni anaima, sanaponde.

Mawa ndikhalanso pomwepo. Ndamuuza.

Twalibu waitana abale onse. Mwanaima, Hafswa ndi mwamuna wake, amalume awo a ku Chipata compound, a Shehe ndi akazi awo. Akuti akambe za ine, za eda, za windo. Jannat wayamba kale kusankha mpunga.

Lembani tsiku. Lamlungu, pa 17 Novembala, ikatha swala ya masana, pabalaza pano.

Ndinamuuza Haidar kuti nayenso ndi wa banja lino, abwere. Anafunsa kuti adzalowera pati.